Lipoti la ku boma: nkhani ya makozi a ana athu

Makolo anzanga, a tcheya, a hedi ndi aphunzitsi nonse muli pano, ndinafika bwino dzulo ngakhale kunali kutada, minibasi inathera pa msika ndiye kotsalako ndinakwera kabaza. Munandituma ku msonkhano uja wa makolo ndi aphunzitsi wa momwe ana angasankhire maphunziro akamaliza Fomu 4, ndiye ndati ndilemberetu zisanandithawe m'mutu, zina tidzamalizitsa Loweruka pamaso.

Ine popita ndimaona ngati nkhaniyi ndi ya makolo a ana a Fomu 4 basi, mpaka m'njira ndimadzifunsa kuti bwanji sanatume amene ana awo akulemba chaka chino. Koma zomwe ndamva kumeneko zandikhalitsa pansi. Kozi ya ku koleji mwana amasankha ali kumapeto kwa Fomu 2, tsiku lija amabwera kunyumba nkunena kuti amayi ine Physics ndasiya, ifeyo nkungoti chabwino mwanangu bola uzikhoza zinazo. Pamenepo ndiye kuti zitseko zina watseka kale ndipo iye sakudziwa, ifenso sitikudziwa.

Anatifotokozera chonchi. Pa MSCE giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walephera. Mapointi aja timafunsana pa chitsime amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, Chingerezi chikhalepo, ndipo kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezicho. Izi ambiri timazidziwa. Chomwe ine sindimachilabadira nchakuti kozi iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene amayang'ana. Tiyerekeze mwana wapeza mapointi 13, mudzi wonse nthungululu, koma mapointiwo achokera ku Chichewa, Bible Knowledge, Social ndi zina zotero, masamu ali ndi 7, Chemistry sanalembe nkomwe, ameneyo za uinjiniya kapena za chipatala sangalowe ngakhale mnzake wa mapointi 18 atalowa. Za udokotala ndi unamwino amafuna Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, za uinjiniya masamu ndi sayansi yemweyo, ngakhale za ulimi ku LUANAR zomwe ife timaziona ngati zathu zomwe timazidziwa kale amafunanso sayansi.

Apa ndinachita manyazi ndekha. Wanga wamkazi uja mukumudziwa, kuyambira ali pulayimale amangoti ndidzakhala nesi, koma atalowa Fomu 3 anasiya Physics ati anzake anamuuza kuti ndi yovuta imagwetsa mapointi, ine ndinavomera ndi manja awiri. Lero ali pakhomo tikuganiza zoti akabwereze. Sindikudandaula kuti mundimvere chisoni ayi, ndikungofuna amene ana anu ali Fomu 2 mumve.

Za mayunivesite anangodutsamo mwachangu. A boma alipo 6, UNIMA ku Zomba imene ife akale timaitchulabe Chanco, MUBAS ku Blantyre yomwe inali Poly, KUHeS ya za chipatala imene inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, zitatuzi zinapatukana mu 2021, kenako LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Kufunsira malo amadzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, mwana amalemba makozi amene akufuna motsatana kuyambira yomwe akuifunitsitsa, ndipo apa mpomwe mphunzitsi wina amene amatitsogolera anachedwapo kwambiri. Akuti ana ambiri amadzaza fomu yonse ndi makozi otchuka okhaokha, udokotala, za mankhwala, uinjiniya, za maakaunti, kumene akulimbirana ndi ana a mapointi 6 ndi 7 ochokera m'sukulu zokhala ndi labu ndi mabuku, mapeto ake dzina silituluka paliponse pomwe akanaikapo ina yogwirizana ndi magiredi ake akanalowa. Ena amalembetsa fomu kwa mnyamata wa pa sitolo ya intaneti nkumuuza kuti ingondisankhirani zabwinozo. Holo yonse inaseka koma ine ndikudziwa kwathu kuno zimachitika.

Zina ziwiri zomwe sindimadziwa, za malamulo ku Zomba kale munthu samalowa kuchokera ku Fomu 4 mwachindunji, ankayamba walowa kozi ina kaye kenako nkufunsira, ndiye mwana wofuna uloya afufuze kaye momwe akulowera panopa. Ndipo udokotala ndi zaka 6 ukaphatikiza chaka choyamba chokonzekera, zomwe kholo liyenera kudziwiratu chifukwa zaka zonsezo mwana amafuna kudya, sopo ndi lendi.

Mkangano unabuka titabwera ku nkhomaliro. Mayi wina mphunzitsi anati mwana azisankha chomwe mtima wake ukufuna chifukwa wokakamizidwa amakathera panjira, bambo wina anaimirira nkuti mtima sudyetsa munthu, iye akugulitsa fodya ndi mbuzi kuti mwana adzapeze ntchito osati adzabwere ndi pepala lokongoletsa khoma. Anthu anawomba m'manja mbali zonse. Ine maganizo anga, bamboyo sakunama koma nayenso sangalozere kozi yomwe ntchito ili chidikirire, tonse tili ndi abale anamaliza za uphunzitsi ndi za unamwino amene akhala zaka akudikira kulembedwa, pomwe kale timati zimenezo ndiye zosasowa ntchito. Ndiye ine ndikuti tiyambe tayang'ana lipoti la mwana la teremu ndi teremu, chomwe amakhoza nchiyani, kenako timufunse chomwe akufuna, zathu zibwere pambuyo. Wina anadzutsanso nkhani ya kota, njira ija yosankhira ana ku yunivesite potengera boma lomwe akuchokera, koma anamuyankha mwachidule kuti inathetsedwa mu 2020, tisatayirepo nthawi.

Ndalama. Kuli bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, mwana akasankhidwa amafunsira payekha sizibwera zokha, si onse amapatsidwa, ndipo ndi ngongole ndithu yodzabweza akayamba ntchito, si mphatso ngati momwe ena timauzirana.

Chenjezo lomwe ndikufuna lifike kwa aliyense ndi la makoleji omwe si a boma. Alipo abwinobwino odziwika ngati Catholic University ku Nguludi kapena University of Livingstonia, koma aliponso ena ongotsegula m'nyumba ya lendi m'tauni nkupachika chikwangwani. Mayi wina anafotokoza misozi ili m'maso kuti analipira zaka ziwiri kwinakwake, mwana pofuna ntchito nkumuuza kuti pepala lakelo silidziwika. Musanapereke tambala fufuzani ngati kolejiyo ndi koziyo, zonse ziwiri, zili pa mndandanda wa zovomerezeka ndi NCHE, ndipo zikakhala za unamwino funsaninso ngati a Nurses and Midwives Council akuidziwa chifukwa popanda iwo mwana sapatsidwa chiphaso chogwirira ntchito.

Amene sanafike ku yunivesite njira zilipo ndithu, ma TTC a uphunzitsi wa pulayimale, Domasi ndi Nalikule a sekondale, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a mishoni a CHAM monga ku Nkhoma ndi Ekwendeni, komanso za luso la manja kudzera ku TEVETA, ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi kwina. Anabweretsa mtsikana wina wovala ovolosi amene anaphunzira zamagetsi, amaika masola m'nyumba za anthu ndipo walemba anyamata awiri ntchito, atamaliza kulankhula abambo aja amati zamanja ndi za olephera anangoti zii.

Tsono pempho langa Loweruka tikambirane izi. A hedi atiitanire makolo a Fomu 2 pamodzi ndi ana awo teremu ino isanathe, mwana asasiye phunziro lililonse kholo lisanamve kuti akutseka chitseko chiti. Chikalata cha makozi cha NCHE chikatuluka tisindikize ndi ndalama ya komiti chikakhomedwe pa bolodi, ndipo mafomu ana azidzaza pasukulu pali mphunzitsi. Ndipo nkhani ya labu ija tinaiika pambali chaka chatha ibwererenso pa ajenda, sitingamauze ana kuti musathawe Chemistry pomwe zipangizo amangoziona pa chithunzi cha m'buku.

Mapepala omwe anatigawira ndasiya ku ofesi kwa a depyute, ofuna kujambula pa foni akapite. Chenji ya thiransipoti ndipereka kwa a msungichuma Loweruka lomwelo, ya kabaza ndinaonjezera yanga musavutike nayo.