Tilembe mbiri ya agogo athu akadali moyo

Akonzi,

Tileke kufufuza mbiri ya amayi athu pa tsiku la maliro. Nkhani munalemba ya agogo achikatolika omwe anamwalira atakalamba ija inali yabwino, koma za ubwana wawo munali mizere iwiri yokha.

Agogo ambiri a ku Mbare ndi Highfield, kuno ku Harare, anabwera kuchokera ku Nyasaland nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, opanda chikalata cha kubadwa. Chaka cha pa chitupa nthawi zina chinali chongoyerekeza. Chodalirika ndi kadi ya ubatizo: pamakhala parishi, tsiku, mayina a makolo, kenaka Ulimbitso ndi ukwati. Ikatayika, lemberani bambo mfumu a parishi yomwe anabatizidwirako, ayang'ane m'kaundula. Tchulani dzina la ubatizo, la bambo awo ndi mudzi, osati la amuna awo; apa ndi pomwe ambiri amasokonezera.

Ndikupempha miphakati isankhe wachinyamata mmodzi wokajambula mawu a agogowa pa foni. Awafunse ngati njala ya 1949 inawapeza atatha msinkhu, ndi amene anawaphunzitsa korona.

Wowerenga wanu,
Mbare, Harare