Si Ulesi Umene Ukuletsa Anthu a ku America Kuyenda Pansi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa maganizo amene amamveka kawirikawiri akuti anthu a ku America sayenda pansi chifukwa cha ulesi. Gwero la nkhaniyi ndi malamulo a kamangidwe, ndipo zimaonekera poyera mukayerekeza mizinda yakale ndi madera okhalamo anthu a kunja kwa mizindayo.

Ku Manhattan, chigawo cha mzinda wa New York, kumene misewu inalinganizidwa mu 1811 kuti izidutsana ngati ukonde, munthu akatuluka pakhomo amapeza sitolo, sukulu ndi siteshoni ya sitima atangoyenda mphindi zochepa. N'chifukwa chake mabanja ambirimbiri mumzinda wa New York amakhala opanda galimoto.

Kunja kwa mizinda zinthu zinayenda mwina. Mu 1926, Khoti Lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa mudzi wa Euclid ku Ohio, linavomereza kuti akuluakulu a dera angathe kugawa malo, nyumba kwina, masitolo kwina. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kunabadwa madera ngati Levittown, amene anayamba kumangidwa mu 1947, a nyumba zikwizikwi za banja limodzilimodzi, ndipo mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo lomangira misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse. Misewu yambiri ya m'madera otere imangothera panjira, moti nyumba ziwiri zopatsana msana zingafune kuti munthu azungulire ulendo wautali kuti achoke pa ina kufika pa inzake. M'malo ena mulibe ndi kanjira komwe ka oyenda pansi, pomwe masitolo analamulidwa kukhala ndi mabwalo aakulu oimikapo galimoto, amene amawatalikitsa kumsewu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ovutika kwambiri ndi amene sangayendetse galimoto: mwana amene sangapite yekha kwa mnzake, gogo amene maso ayamba kufooka, ndiponso wantchito wosauka amene amawoloka msewu wotakata wa galimoto zothamanga kuti akakwere basi. M'chaka cha 2022 chokha, anthu oyenda pansi oposa 7,000 anafa pangozi za pamsewu m'dzikomo.

Mzinda wa Buffalo unachotsa lamulo lokakamiza malo oimikapo galimoto mu 2017, ndipo wa Minneapolis unagwirizana mu 2018 zololeza nyumba za mabanja angapo pamene kale pankaloledwa banja limodzi. Koma iyi ndi mizinda, pomwe madera ambiri owazungulira akadagwiritsabe malamulo akale aja.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu