Za njere za chia zimene munatumizira amayi

Ulongué, Angónia

Okondedwa aNaphiri,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, mvula yakata, anthu ali kalikiliki kuzula nyemba ndi kukumba mbatatesi.

Mapaketi awiri a njere za chia amene munapatsira adalaivala aja anafika kwa amayi ku Domué. Mwandipempha kuti ndilembe kadyedwe kake kuti muziwawerengera pa foni, komanso mwafunsa ngati n'zoona zimene anzanu akunena kumeneko kuti njerezi zimachiza shuga ndi BP. Ndiyambira pamenepa chifukwa ndi pamene pakundidetsa nkhawa. Chia ndi chakudya, chabwino ndithu, koma si mankhwala. Amayi asasiye mapiritsi amene amalandira kuchipatala ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha njerezi. Chonde muwauze mobwereza, pakuti anthu akulu akamva kuti chinthu chachokera kutali ndipo n'chodula, amachikhulupirira kuposa mapiritsi.

Pali kafukufuku wa ku Toronto ku Canada amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Anthu 20 odwala shuga ankadya magalamu pafupifupi 37 a njerezi tsiku lililonse kwa masabata 12, ndipo nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi 6. Ndi phindu limenelo, sindikukana. Koma anthuwo anali akumwabe mankhwala awo, ndipo kutsika ndi 6 sikungachotse munthu pa 170 n'kumufikitsa pabwino. Za kuchepetsa thupi ndiye musawonongerepo ndalama. Mu 2009 ku America anthu onenepa anapatsidwa magalamu 50 pa tsiku kwa masabata 12, ndipo sikelo sinasunthe.

Mbewuyi kwawo ndi ku Mexico ndi Guatemala, kumene anthu a mtundu wa Aztec ankailima pamodzi ndi chimanga ndi nyemba azungu a ku Spain asanafike. Ubwino wake weniweni uli mu zimene zili m'kati mwa kanjere kakang'onoko. Supuni ziwiri zazikulu zodzaza bwino, amene ndi magalamu 28, zili ndi magalamu pafupifupi 10 a fayiba, chinthu chija chimapezekanso m'gaga wa chimanga ndi m'makoko a nyemba. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 pa tsiku, ndiye mukuona kuti supuni ziwiri zokha zakwanitsa gawo limodzi mwa magawo atatu. Mulinso magalamu oposa 4 a mapuloteni, magalamu 5 a mafuta a omega-3 (mtundu wa mafuta abwino umene thupi limafuna), ndi kashiamu wolimbitsa mafupa wokwana mamiligalamu pafupifupi 180 pa 1,000 amene munthu amafunika patsiku. Kwa amayi, amene samwa mkaka kawirikawiri ndipo amadya nsima ya ufa woyera, fayiba ndi kashiamu ndiwo phindu lalikulu.

Tsopano chinthu chimene sindifuna kuti muiwale. Njerezi zikakhudza madzi zimatupa, zimamwa madzi ochuluka kuwirikiza ka 10 kapena ka 12 kulemera kwake, ndipo kunja kwake kumatelera ngati therere. Kutelera kumeneko ndiko kumathandiza: chakudya chimayenda pang'onopang'ono kuchoka m'mimba, shuga amalowa m'magazi mosathamanga, munthu amakhala wokhuta nthawi yaitali, ndipo chimbudzi chimafewa. Koma kutupa komweko n'kumene kumavulaza ngati kwachitikira pakhosi. Mu 2014 madokotala a ku America anafotokoza za bambo wina amene anabwira supuni imodzi ya njere zouma n'kutsirira madzi pambuyo. Zinatupira kummero n'kutseka njira, moti ngakhale malovu ankalephera kumeza, mpaka anakazichotsa kuchipatala. Choncho asabwire zouma, zivute zitani. Paketi ikhale patali ndi zidzukulu, chifukwa ana akaona tinthu ting'onoting'ono amakonda kutapa ndi dzanja n'kuponya m'kamwa.

Kanyikidwe kake ndi aka. Atenge supuni imodzi yaikulu ya njere, athire m'kapu ya madzi okwana mamililita 250. Madziwo akhale owiritsa n'kuzizira kapena othira mankhwala, chifukwa njerezi sizidzaphikidwanso. Atakase nthawi yomweyo kwa kanthawi, asiye mphindi 5, atakasenso, kenaka adikire mphindi 15 kapena 20. Kutakasa kwachiwiriko anthu ambiri amakudumpha, ndiye njere zimamira pansi n'kumatirirana, zimapanga mibulu imene kunja ikutelera koma m'kati ikadali youma. Mbulu wotero ukapezeka aufwanye ndi supuni m'mbali mwa kapu, adikirenso. Zikatupa bwino, kanjere kalikonse kamakhala kokutidwa ndi kautoto kowala, ndipo mukapendeketsa kapu zimayenda zonse pamodzi. Madzi ofunda amafulumizitsa ntchito, koma ozizira amagwiranso.

Asayambe ndi supuni yaikuluyo. Sabata yoyamba adye supuni yaing'ono ya tiyi imodzi patsiku, yonyikidwa mu theka la kapu. Sabata yachiwiri ziwiri. Akaona kuti m'mimba muli bata, afike pa supuni yaikulu imodzi, ndipo malire akhale supuni zazikulu ziwiri patsiku, imodzi m'mawa ina madzulo. Thupi losazolowera fayiba wambiri likalandira wochuluka mwadzidzidzi, tizilombo tabwino ta m'matumbo timamugaya n'kutulutsa mpweya, mimba imatupa, ena amatsegula, ena amadzimbidwa. Wodzimbidwa kawirikawiri amakhala kuti sakumwa madzi. Fayiba akasowa madzi amatenga a m'matumbo momwemo, chimbudzi n'kulimba kuposa kale. Ndiye aonjezere makapu awiri a madzi pa amene amamwa masiku onse. Nyengo yozizira ya June ndi July ikubwerayi anthu kuno samva ludzu, muziwakumbutsa.

Pa muyeso wa supuni yaikulu imodzi patsiku, paketi ya magalamu 500 iwafikitsa mwezi ndi sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mukhoza kuwerengera pamenepo nthawi yotumiza ina.

Njerezi pazokha zilibe kukoma kulikonse, zimatenga kukoma kwa chimene zasakanizidwa nacho. Chosavuta kwa amayi ndi phala la m'mawa. Aphike phala la mgaiwa monga mwa nthawi zonse, aphule, athiremo njere zonyika kale, atakase. Akazithira zouma m'phala lolimba zimamwa madzi a phalalo, limauma gwa, ndipo zina zimatsala zosatupa. Phalalo likhale la mgaiwa ndi nsinjiro, lopanda shuga. Palibe chimene tapindula ngati m'mbale momwemo mwalowa supuni imodzi ya chia ndi supuni zitatu za shuga.

Ku Mexico amazimwa m'madzi ofinyira mandimu, ndipo mandimu kwathu kuno sasowa. Theka la ndimu pa kapu imodzi likwana. Chimene ndimakonda kwambiri ndi madzi a malambe, amene amadzaza m'misika ya ku Tete ndi Moatize nyengo ino. Anyike malambe odzaza dzanja m'makapu awiri a madzi ofunda, akafewa afikise, asefe, athiremo supuni ya njere n'kutakasa kawiri monga ndanenera. Pali chifukwa chake. Njere za chia zili ndi ayironi, wothandiza thupi kupanga magazi, koma ayironi wa m'zomera thupi silimutenga mosavuta, ndipo vitamini C wa m'malambe ndi m'mandimu amathandiza kuti alowe. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, choncho asatsirire tiyi nthawi yomweyo.

Ofuna cholimba chodya ndi supuni athire supuni ziwiri zazikulu mu theka la kapu ya mkaka wowiritsa kapena chambiko, atakase kawiri, asiye maola awiri pamalo pozizira, aikepo nthochi kapena papaya. Ichi chikuyenera inu amene muli ndi firiji, momwe chimakhala masiku anayi chili bwino. Kwa amayi kulibe firiji, ndiye anyike zokwana kudya tsiku lomwelo basi. Achimwene anu a ku Moatize akafuna kuyesa, muwauze kuti ndi kutentha kwa kumeneko, kumene mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, zonyika mu mkaka siziyenera kudikira kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Pophika chigumu kapena zitumbuwa mazira atasowa, supuni imodzi ya njere zosinja yosakaniza ndi supuni zitatu za madzi, yosiyidwa mphindi 10, imagwira ufa m'malo mwa dzira limodzi. Imamata, koma sifufumitsa, ndiye soda ikhalepobe.

Kusinja kuli ndi ubwino wake: thupi limatenga mafuta a omega-3 ambiri kuchokera ku njere zosinja kusiyana ndi zathunthu, ndipo kwa munthu wa mano ochepa sizikanirira m'nkhama. Mtondo ukhale wouma ndithu, apo ayi zimata m'mbali. Asinje zokwana sabata imodzi yokha, chifukwa njere ikasweka mafuta ake amakumana ndi mpweya n'kuyamba kuwonongeka. Pa za omega-3 ndinene mosabisa kuti wa mu chia ndi mtundu wa m'zomera, umene thupi limausandutsa pang'ono chabe kukhala uja wa mu nsomba. Kapenta wa ku Cahora Bassa, wodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, amapereka mafuta a nsomba enieniwo pamodzi ndi kashiamu ndi mapuloteni. Mwezi umene ndalama zachepa, muyambe mwawagulira kapenta, nyemba, mtedza ndi chitowe, chia abwere pambuyo.

Popeza amayi ali pa mankhwala a shuga ndi a BP, ulendo wotsatira wa kuchipatala atenge paketi akaonetse anamwino, anene kuchuluka kwa zimene akudya. Njerezi zikhoza kuonjezera pang'ono mphamvu ya mankhwalawo. Akamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi kapena chizungulire podzuka, mwina shuga kapena BP watsika kwambiri. Ngati ndi kunjenjemera ndi thukuta anyambite shuga kapena uchi msanga, kenaka apite akayezetse, njerezo aziimike kaye mpaka anamwino anene. Ndi bwinonso kusiyanitsa nthawi, mapiritsi ndi njere zitalikirane ndi ola limodzi kapena awiri, kuti kutelera kuja kusachedwetse mankhwala kulowa m'thupi.

Pali ena amene asayambe n'komwe asanafunse dokotala: amene amavutika kumeza kapena anachitapo sitiroko, amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, odwala impso chifukwa njerezi zili ndi fosiforasi wambiri, ndi amene anadwalapo timiyala ta mu impso. Munthu akatuluka zidzolo, kuyabwa kapena kutupa milomo atadya, asiye pomwepo, ndipo ngati akubanika athamangire naye kuchipatala. Amene chitowe sichiwayanja m'thupi achenjere kwambiri.

Za mwana wa mchemwali wanu uja akuchedwa kunenepa, musamutumizire chia. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, njerezi zimatupa n'kumukhutitsa asanadye chakudya chimene chingamukulitse. Iyeyo akufunika phala la nsinjiro kapena la soya lothira kasupuni ka mafuta, dzira, ufa wa kapenta, ndi kupita naye kusikelo mwezi uliwonse. Khanda losakwana miyezi 6 ndi bere lokha.

Paketi ikatsegulidwa azikhuthulire m'botolo louma lotsekeka bwino, aike pamdima, kutali ndi moto ndi ndowa za madzi. Supuni yotapira ikhale youma, chifukwa dontho limodzi limaumba mbulu umene umachita chuku. Zathunthu zosungidwa chonchi zimatha chaka osasintha. Zikayamba kununkha ngati mafuta akale kapena kuwawa pa lilime, zataya ntchito. Inunso pogula muziyang'ana mtundu. Zabwino zimakhala zakuda zamawangamawanga, zotuwa kapena zoyera, ndipo zakuda ndi zoyera sizisiyana kwenikweni pa thanzi, musalipire zambiri chifukwa cha kuyera. Zofiirira zikachuluka m'paketi ndiye kuti zinakololedwa zosakhwima.

Munanenanso zoti achimwene ayese kubzala. Atenge kachigawo kakang'ono kaye, pa nthaka yosasunga madzi. Njere asazikwirire mozama, sentimita imodzi yakwana, m'mizere yotalikirana masentimita 60 kapena 70, ndipo apalire msanga chifukwa ikadali yaing'ono imagonja ku udzu. Mbewuyi imachita maluwa masiku akayamba kufupika ndipo imakhwima pa miyezi inayi kapena isanu, komanso imafa ndi chisanu. Kwathu kuno ndiye kuti kubzala mu January, kuti ikhwime mvula itakata koma kuzizira koopsa kwa kumapiri kusanafike. Ngala zambiri zikasanduka zofiirira adule, aumitse pa lona pamalo posafika mvula kapena mame, apunthe, apete. Njere zikanyowa pa nthawi imeneyi zimamatana, ndipo zokolola zonse zawonongeka.

Mukalankhula ndi amayi muwapemphe ajambulitse mapepala a mankhwala awo ndi kabuku ka kuchipatala, munditumizire pa WhatsApp, kuti ndione mayina a mapiritsi asanafike pa supuni yaikulu. Mupereke moni kwa abambo akunyumba ndi ana onse.

Ine mnzanu,
Nabanda