Ana akuloweza galamala koma he ndi she zikuwavutabe

Akonzi,

Zikomo pondipatsa kampata mu nyuzi yathuyi, ine dandaulo langa ndi kaphunzitsidwe ka Chingerezi.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mangochi. Mukamufunsa ma parts of speech amatchula onse 8 osapumira, noun, pronoun, verb mpaka interjection ngati akuimba kolasi ya Sande sukulu. Koma dzana ndasuzumira mu kope lake la kompozishoni ndapeza walemba kuti "my mother he is selling fish". Amayi ake enieni, omwe amakhalira padzuwa ndi beseni la usipa pamsika, wawasandutsa abambo! Ndinaseka koma kenako mtima unawawa.

Mwanayo sindikumuda ayi. Mu Chichewa timangoti iye kaya ndi mwamuna kaya mkazi, Chiyao chomwe amayankhula ndi agogo ake nachonso sichisiyanitsa, ndiye he ndi she aziona kuti? Chimodzimodzi borrow ndi lend, ife timati ndabwereka cholembera komanso ndibwereke cholembera, mneni ndi yemweyo basi, nchifukwa chake kalasi yonse imangoti "borrow me your pen" ndipo palibe amaona cholakwika.

Aphunzitsi athu, bwanji osayambira pa zomwe mwana akudziwa kale? Ku pulayimale anaphunzira dzina, mneni, mfotokozi ndi mlowam'malo. Kungomuuza kuti pronoun ndi mlowam'malo yemwe uja, kungoti Chingerezi chimafuna udziwe ngati ndi mkazi kapena mwamuna, atha kumva tsiku lomwelo. Koma m'malo mwake akayankhula Chichewa mkalasi mukumupatsa chitchetcho akatchetche kuseri kwa ofesi, nthawi yomwe anzake akukopera manotsi ena oti aloweze.

Pitani ku Cape Maclear mukaone anyamata amaboti ndi ogulitsa ziboliboli, ena Sitandade 8 sanamalize, adverb sakuidziwa nkomwe koma amanenerera mitengo ndi azungu mpaka kugwirizana. Galamala yawo ndi yokhota inde, sindikukana, komabe pakamwa ndi potseguka chifukwa amayankhula daily.

Chikundiopsa nchoti ku MSCE ukalakwa Chingerezi a MANEB satifiketi sakupatsa olo masamu ndi bayoloje utakhoza bwanji. Kwatsala zaka ziwiri kuti wangayu alembe, ndipo fizi yake ikuchokera mu beseni la usipa lomwe lija la "he".

Kholo lodandaula,
Mangochi