Kodi mawu oti "distinguished" ndi a anthu okhala mu tenti okha?

Azakhali,

Ndithandizeni chonde, nkhani yanga ena ayiona ngati yaing'ono koma ine ikundisowetsa mtendere. Ndine mlembi wa komiti ya makolo pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, ndiye kumapeto kwa mwezi uno tikutsegulira buloko yatsopano ya makalasi awiri komanso kupereka mphatso kwa ana omwe anakhoza bwino MSCE, ndipo anzanga andisankha kuti ndikhale MC. Pepala la malonje lomwe andipatsa likuyamba ndi a MP, kenako a khansala, abwana a ku ofesi ya maphunziro, a bungwe lomwe linatipatsa malata ndi simenti, mafumu, kenako akuti "distinguished guests, ladies and gentlemen, all protocols observed" basi kwatha. Nditafunsa kuti nanga makolo ali pati apa anandiyankha kuti ali momwemo mu ladies and gentlemen, eti distinguished ndi aja adzakhale mu tenti pamipando yovekedwa nsalu zoyera, olandira madzi a m'botolo aja.

Ine Chingerezi changa ndi cha Fomu 4 koma ndinafufuza ndithu mu dikishonale ya pafoni. Akuti distinguished ndi munthu amene anthu amamupatsa ulemu chifukwa cha ntchito yapamwamba yomwe wagwira, monga dokotala kapena mphunzitsi yemwe watumikira bwino zaka zambiri mpaka ntchito yake kumamuchitira umboni. Palinso tanthauzo lina la maonekedwe, munthu wooneka mwaulemu, mwina wa imvi zake wovala bwino. Za ndalama, galimoto kapena mpando wandale sindinazione pamenepo. Ndipo mawuwa ndi apachibale ndi distinction yomwe tonse timaidziwa ku mayeso a MANEB, pomwe 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass. Mwana sapeza 1 chifukwa bambo ake ndi bwana ayi, amapeza chifukwa wawerenga mpaka kuposa anzake.

Ndiye apa ndi pomwe mtima ukundiwawa azakhali. Pali gogo wina wamasiye mmudzi mwathu muno, alibe ngakhale mdzukulu pasukuluyi, koma nthawi yonse yomwe timaumba njerwa iye amafika mmamawa ndowa ili pamutu kuchokera kudambo, miyendo ili matope okhaokha, akatsitsa madziwo osapuma nkomwe wabwereranso, ndipo tsiku lina tinachita kumukakamiza kuti akhale pansi amwe thobwa chifukwa manja amanjenjemera. Pali azibambo omwe anachezera usiku wonse kusonkhezera moto pa uvuni maso ali psuu ndi utsi. Popanda anthu amenewa malata aja bwenzi ali mu sitolo mpaka lero. Koma pa tsikulo iwowa adzakhala pansi padzuwa kuseri kwa chingwe, ine nditagwira maiki nkumatchula distinguished anthu ena omwe sukuluyi adzayiona koyamba tsiku lomwelo. Sindikunyoza alendo ayi, mlendo ndi mame ndipo ulemu wake tidzamupatsa wonse, koma kodi ndingalakwitse Chingerezi nditanena kuti "our distinguished parents" ndikuloza kuli makolowo? Kapena mawuwa ali ndi lamulo lake loti amayenera anthu a maudindo okha lomwe ine sindikulidziwa?

Chinanso, ndikuyenera kumamasulira mu Chichewa poti ambiri odzabwera Chingerezi samva. Ife timangoti olemekezeka pa zonse, Honourable wa a MP olemekezeka, distinguished olemekezekanso, ndiye ndikuopa kuti ndikati makolo olemekezeka ena mu tenti adzaona ngati ndawachotsera ulemu wawo nkuupereka kwa wina aliyense. Ndimaganiza zoti ndinene kuti makolo athu omwe ntchito za manja awo zikuoneka apa, kaya mukuona bwanji inu. Komanso kwathu kuno malonje timayambira kwa eni nthaka, a nyakwawa ndi a gulupu, pomwe pepalali lawaika pambuyo pa a bungwe, izinso zikundivuta.

Palinso mtsikana wina yemwe wapeza ma distinction angapo, mwana woyenda wapansi mtunda wautali tsiku ndi tsiku, ndimafuna pomuitana kutsogolo ndimutchule distinguished student. Aphunzitsi ena andiuza kuti mawuwa amakomera munthu wamkulu amene wagwira ntchito nthawi yaitali, kwa mwana bola outstanding, ndipo andichenjeza kuti ndisasokoneze ndi distinct kapena distinctive poti amenewo amangonena za chinthu chosiyana ndi zinzake, osati ulemu. Zoona zimenezi?

Akuluakulu apasukulu anena kuti pepalalo ndisasinthe kalikonse, ndipo mwana wanga ali Fomu 2 pomwepo, sindikufuna kuti mawa adzavutike chifukwa cha pakamwa pa bambo ake. Koma kungowerenga momwe alemberamo gogo uja ali pansi akundiyang'ana sindikuona ngati ndingakwanitse. Ndiwapite bwanji ahedi kuti tiwonjezere mzere wa makolowo popanda kuoneka wamwano, ndipo akakana ndichite chiyani?

Ine wanu,
Bambo wodandaula, Dedza