Kalata kwa Masauso, uko kopanda dzuwa

Masauso mnzanga,

Uthenga wako ndauwerenga katatu, kachitatuko ndili chogwada pa mbaula chifukwa malaiti anapita 5 koloko m'mawa mpaka manje kuli zii. Ndiye ukuti ku Ny-Ålesund, kamudzi ka ofufuza ka ku Norway kumtunda kwenikweni kwa dziko ku Arctic, dzuwa linalowa kumapeto kwa Okutobala ndipo mdimawo ndi mpaka Febuluwale? Tafanana basi, kungoti mdima wako ndi wa Mulungu, wathu ndi wa damu la magetsi la Kariba.

Ndinawafotokozera aTembo za ntchito yako pa msika wa Kapata paja timamwera tiyi, kuti umakwera kangolo kolendewera pa waya kupita pa phiri la Zeppelin, mamita 474 m'mwamba, kukasintha tisefa tomwe pampu imakokeramo mphepo usana ndi usiku, kenako muyeze kuti tada bwanji. Anaseka mpaka kutsamwa ndi chitumbuwa, ati munthu madigiri awiri kukathera kusefa mphepo ngati ufa wa mgaiwa. Ndinakuikira kumbuyo ndithu, koma pang'ono chabe, nanenso ndinaseka.

Koma za mwaye zija zandikhala pamtima. Unati ukagwera pa ayezi umamudetsa, ndiye m'malo mobweza dzuwa ayeziyo amayamba kumwa kutentha n'kusungunuka msanga, zija za kuvala shati yakuda mu Okutobala. Pomwe tifumbi tina tija totchedwa salufeti timabweza kuwala n'kuziziritsako, ndiye fumbi lina ndi mdani lina ndi m'bale, nchifukwa chake mumawerenga kalikonse. Komanso zoti dontho lililonse la mumtambo limayamba pogwira kafumbi, imeneyo sindinaidziwe, ndakhala ndikuyang'ana kumwamba kwa phiri la Kanjala ngati ndataya mbuzi. Ngati ku Arctic konseko kukutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuyambira 1979, nanga ife a chimanga cha mvula? Chilala cha 2024 sindinachiiwale, munda wa ku Mtenguleni tinatulukamo ndi matumba awiri.

Manje vuto ndi ili. Chiyambire kuvuta kwa malaiti ndimatha thumba la malasha sabata ziwiri zilizonse, ndipo usiku wa dzana tulo tinandithawa, ndikuganiza kuti utsi wa nyemba zanga ukuuluka mpaka kukakakamira pa kasefa kako, iwe uli ndi anzako azungu mukudabwa kuti kada chonchi bwanji, kenako makina atulutsa dzina langa ndi nambala ya nyumba. Ndikudziwa unanena kale kuti chifunga cha utsi chomwe mumasefacho chimachokera ku mafakitale a ku Ulaya ndi Russia, chimachuluka chisanu chikamatha, ndipo utsi wathu wa lupsa wa anyamata osaka mbewa wambiri umalowera ku Angola mpaka pa Atlantic. Komabe ukapeza kasefa kakununkha kapenta usauze munthu, ungotaya.

Amayi ako ndinawaona Lamlungu, mwendo uja ukuwavutabe koma kutchalitchi anafika. Za mfuti yomwe mumanyamula kuopa zimbalangondo zoyera sindinawauze ndipo nawe usayerekeze, iwe amene unathawa galu wa aBanda mpaka kusiya patapata. Anandifunsa ngati ukudya nsima, ndinanama.

Paja agogo aJere tinaika mwezi watha. Chisomo naye wakwatiwa, mwamuna wa ku Katete, sindikudziwa ngati umafunabe kumva zimenezo. Njinga yanga ija yathyokanso sipoko zitatu pa msewu wa ku Mwami ndipo wokonza uja akuti ndigule limu yonse, munthu wopanda chisoni.

Ndipo usandinamize kuti umachedwa kuyankha chifukwa wifi ndi bulutufu n'zoletsedwa kumeneko, unanena wekha kuti intaneti ya pa waya ilipo. Madzulo kuno kumatalika maningi opanda wokangana naye za mpira. Nc'wala ikubwera, ndimati mwina chaka chino

foni yatsala 2%, ndidzamalizitsa akabwera malaiti