Yang'anani gasiketi musanagule MG yakale

A Mkonzi,

Abale athu okhala ku Britain akukopeka ndi mtengo wotsika wa MGF ndi MG TF, galimoto za mipando iwiri zopangidwa ku Longbridge, mumzinda wa Birmingham. N'zokoma kuyendetsa, koma tiwachenjeze asanalipire.

Vuto lalikulu lili pa injini ya K-series, yomwe ili kumbuyo kwa mipando pamene radiyeta ili kutsogolo. Madzi oziziritsa amayenda m'mapaipi achitsulo apansi pa galimoto. Mapaipiwa amachita dzimbiri n'kuyamba kudontha, ndipo madzi akachepa injini imatentha, gasiketi ya hedi n'kupsa. Tsegulani chivindikiro cha oyilo injini ili yozizira. Mukaona zoyera zonga phala, kawirikawiri ndiye kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo. Funsani malisiti osonyeza kuti anaikamo gasiketi yatsopano ndi mapaipi osachita dzimbiri. Kenako lizani injini mpaka fani itazungulira, mukuyang'ana singano ya kutentha.

Lamba wa taimingi asinthidwe zaka 5 zilizonse, pamodzi ndi pampu ya madzi. Akaduka, mavavu amapindika.

MGF, ya 1995 mpaka 2002, ili ndi sasipenshoni ya Hydragas (yogwiritsa ntchito madzi ndi mpweya m'malo mwa masipuling'i) yofuna pampu yapadera. TF ili ndi masipuling'i wamba, choncho ndiyo tingalimbikitse amene akufuna kuitumiza kumudzi, ngakhale ndi yotsika kwambiri pa misewu ya maenje. Onaninso dzimbiri pa zitsulo zonyamula injini, ndipo mbiri ya MOT (kuyezedwa kwa galimoto chaka ndi chaka ku Britain) imaoneka ulere pa intaneti mukalemba nambala ya galimotoyo.

Ife amakaniko,
Birmingham